Chitsime chimene chimadzitunga chokha: zomwe zinakambidwa pa msonkhano wa asodzi ku Mangochi

Zikomo a Gulupu, zikomo mafumu nonse, a komiti yoyang'anira usodzi pagombe pano ya BVC, amayi ndi abambo. Amene muli kumbuyoko senderani kuno kumthunzi, mwerawu ukundilanda mawu.

Nkhani yoti pansi pa nyanja yathuyi pangakhale mafuta siikutha. Inamveka kwambiri mu 2011 pamene boma linapereka chilolezo chofufuza kwa kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum. Mpaka lero m'Malawi muno mulibe chitsime chotulutsa mafuta. Amene timathira m'mainjini a maboti amachokera kunja, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Ndiye ine sindinabwere kudzanena kuti akumbe kapena asakumbe. Ndabwera kuti tione chinthu chimodzi basi: chitsime cha mafuta amachitseka bwanji.

Ine ndakulira pa ntchito ya mijigo. Pa mjigo madzi timachita kuwanyengerera, mayi kupopa mpaka msana kuwawa kuti ndowa idzaze. Chitsime cha mafuta chikakhala chatsopano, nthawi zambiri vuto lake ndi losiyana. Zam'katimo zimafuna kutuluka zokha, ndipo ntchito yaikulu ndi kuzigwira.

Pansipo palibe dziwe la mafuta ayi. Mafuta amakhala m'timabowo ta mwala, monga momwe madzi amakhalira mu mchenga wa pagombe pano, ndipo pamwamba pake pamakhala mwala wina wosadutsa kanthu umene wawavindikira kwa zaka mamiliyoni. Inu amene mumamira kukakola ukonde pa mwala mukudziwa momwe makutu amapwetekera mukangotsika pang'ono. Mamita 10 alionse amawonjezera kulemera kwina. Mukatsika makilomita atatu, pulesha yake imaposa ya m'tayala la galimoto yaing'ono pafupifupi ka 150. M'mafutamo mumakhalanso gasi wosungunuka.

Iwe mwana, tandipatsa botolo la Fantalo. Mukuona, lili phee, simukuona mpweya ulionse. Ndalitsegula, ndatseka ndi chala, ndikulikhutchumula. Tsopano ndichotse chala? (Kuseka.) Amayi akutsogolo akuthawa kale. Kuboola mwala wovindikira uja n'chimodzimodzi kuchotsa chalachi. Mu Januwale 1901, pamalo otchedwa Spindletop ku Texas, anaboola alibe chotsekera. Mafuta anathovoka m'mwamba kupitirira mitengo yonse, migolo pafupifupi 100,000 pa tsiku, kwa masiku 9 asanawagonjetse. Mgolo umodzi wa kumafuta ndi malita 159.

Chala choyamba chimene okumba amagwiritsa ntchito mungadabwe nacho. Ndi matope. Amasakaniza madzi ndi dothi lamtapo lotchedwa bentonite, n'kuthiramo ufa wa mwala wolemera wotchedwa barite, umene umalemera kuposa madzi kanayi. Matopewo amawapopera pansi kudzera m'kati mwa paipi yokumbira, n'kubwerera kumtunda kudzera kunja kwa paipiyo atanyamula zinyenyeswa za mwala. Dzenje lonse limakhala lodzaza matope kuyambira pansi mpaka kukamwa, ndipo kulemera kwa matopewo ndiko kumatsendereza mafuta ndi gasi kuti zikhale kwawo.

Apa m'pamene pali luso, ndipo amayi ophika phala la mwana andimvetsa msanga. Matope akapepuka, gasi amawagonjetsa n'kulowa m'dzenje. Ndiye wina anganene kuti, bwanji osangowalemeretsa kwambiri? Akalemera kupyola muyeso amang'amba mwala, n'kuyamba kuthawira m'ming'alu. Matope m'dzenje amatsika, kulemera kumachepa, gasi uja n'kulowa ndithu. Pakati pa kupepuka ndi kulemeretsa pamakhala kampata kochepa, ndipo pali munthu amene ntchito yake usana ndi usiku ndi kuyeza matopewo.

Gasi akalowa, okumba amati kick, ngati kukankha kwa bulu. Chizindikiro chake n'chosavuta. Matope obwerera kumtunda amachuluka kuposa amene mwapopera pansi, thanki n'kuyamba kudzaza popanda wothiramo. Kapena mwazimitsa mapampu koma chitsime chikutulutsabe. Ndipo gasi ali ndi khalidwe loipa. Anyamata a ku Chembe amene amamira ndi alendo aja akuuzani kuti thovu lotuluka pakamwa uli pansi limakula likamakwera. Gasi wodzaza ndowa imodzi pansi pa makilomita atatu amafika kumtunda atafufuma kokwana ndowa mazanamazana, akukankha matope onse patsogolo pake. Wochedwa kuona thanki ndi mphindi zochepa amakhala wachedwa ndithu.

Chala chachiwiri mukuchidziwa kale, chifukwa munaonerera pokumba mjigo wa pasukulu: mapaipi otsekera khoma la dzenje. Kumafuta amakhala achitsulo, angapo, ina m'kati mwa inzake, ndipo kunja kwake amapoperako simenti kuti pakati pa chitsulo ndi mwala pasatsale njira. Ndinagwirapo ntchito ndi kontilakita wina, dzina ndisatchule, amene anaumira matumba a simenti pa mjigo. Pamwamba anakonza bwino, chithaphwi chosalala, kanjira ka madzi kooneka bwino. Mvula yoyamba itagwa, madzi a m'khola la mbuzi anatsetsereka kunja kwa paipi mpaka pansi, mjigo n'kuyamba kutulutsa madzi a fungo. Simenti ya pansi palibe amaiona ndi maso, n'chifukwa chake anthu amakonda kubera pamenepo. Pa mjigo zoipa zimatsika. Pa chitsime cha mafuta zimakwera.

Matope akalephera, pakamwa pa chitsime pamakhala chimakina chotchedwa blowout preventer, mwachidule BOP. Anachipanga James Abercrombie ndi Harry Cameron ku Texas mu 1922. Za masiku ano zokumbira m'nyanja zakuya n'zazitali kuposa nyumba yosanja, ndipo zimakhala pansi penipeni pa nyanja. Kumtunda kwake kuli mphira yochindikala imene imafinya paipi kuzungulira, ngati dzanja logwira khosi la thumba. M'munsi muli zitsulo zobwera uku ndi uku n'kukumbatira paipi. Zikakanika zonsezi pali zitsulo zina zakuthwa zimene zimadula paipi yonse n'kutseka dzenje. Akatseka, amatulutsa gasi uja pang'onopang'ono kudzera m'kapaipi kam'mbali, uku akupoperamo matope olemererako, mpaka chitsime chitazizira mtima.

Lamulo la ntchitoyi n'lakuti nthawi zonse pakhale zotchinga ziwiri zosadalirana, ndipo chilichonse chiyesedwe. Pa 20 Epulo 2010 ku Gulf of Mexico, pa chombo chokumbira cha Deepwater Horizon chimene chinkakumbira kampani ya BP, zotchinga zinagwa motsatizana. Simenti ya pansi sinagwire. Anayesa chitsime, zotsatira zinaonetsa kuti china chake chalakwika, koma anazimasulira kuti zili bwino. Kenako anayamba kuchotsa matope olemera aja n'kulowetsamo madzi a m'nyanja. Gasi anakwera kwa nthawi asanamuzindikire. Zitsulo zodula zija zitatseka, paipi inali itapindika, sizinathe kutseka dzenje. Anthu 11 anafa, ndipo mafuta anatayikira m'nyanja masiku 87, pa kuya kwa mamita pafupifupi 1,500. Ameneyo ndi America, dziko la zombo ndi akatswiri osawerengeka. Ine chimene chimandiwawa pa nkhaniyi n'chakuti geji inanena zoona, anthu ndi amene sanafune kumva.

Kukumba kukatha, BOP amaichotsa n'kuikapo mulu wa mavalavu umene amautcha Christmas tree chifukwa cha nthambi zake. Pamenepo pali valavu ina yotchedwa choke, imene imachepetsa kapena kukulitsa kabowo kotulukira. Ganizirani zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde. Satsegula zonse chifukwa choti madzi alipo, amayeza kuti nyanja isaphwe msanga ndipo ku Nkula magetsi asazime. Chitsime nachonso ukachitsegula mwadyera chimakoka madzi a pansi ndi mchenga, mchenga n'kudya chitsulo, mafuta ambiri n'kutsalira mu mwala.

Kachipangizo kamene ine ndimakakonda kali m'kati mwa paipi, pansi ndithu. N'kachitseko kokhala ndi sipuling'i, ndipo kamakhala kotseguka pokhapokha ngati kumtunda akukankha ndi pulesha kudzera m'kapaipi kakang'ono. Moto ukabuka, kapena chombo chikagunda zonse za pamwamba n'kuthyoka, kapaipi kaja kamaduka, pulesha n'kutha, kachitseko n'kudzitseka kokha. Sikadikira munthu.

Tsopano tibwere kwathu. Nyanja yathu kumpoto ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo khomo lake lotulukira ndi limodzi, Shire, pompano pa Mangochi. Madzi ambiri amachoka ndi dzuwa, osati ndi mtsinje, choncho chimene chalowamo chimakhalitsa. Chimene chatulukanso chimadutsa ku Malombe, ku Liwonde, mpaka ku Walker's Ferry kumene a Blantyre amapopa madzi akumwa. Ku Cape Maclear kuli paki imene UNESCO inaiika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna. Ku America kuja anatseka chitsime ndi chivindikiro chachikulu chotsitsidwa ndi zombo, kenako chombo china chinakumba chitsime chachiwiri cham'mbali kukathira simenti pansi. Chivindikiro cha mtundu umenewo chimasungidwa ku Saldanha, ku South Africa. Koma sitima ya ku nyanja ya mchere singalowe muno, mathithi a Shire sangailole. Ndiye tsiku limene kudzabwere anthu a mafayilo kudzakufunsani maganizo, monga lamulo la zachilengedwe la 2017 limafunira, musadzangofunsa za ntchito za ana athu. Mudzafunse kuti BOP yawo adzaiyesa kangati ndipo woyang'anira wa boma adzakhalapo kodi, chivindikiro chidzasungidwa kuti ndipo chidzafika m'masiku angati, komanso makina okumba chitsime chachiwiri adzachokera kuti.

Eya mayi, funsani. Akufunsa kuti kodi sangakumbire kumtunda, osalowa m'madzi? Zimatheka mayi. Masiku ano dzenje amatha kulikhotetsa, kuyambira pagombe n'kupita chopingasa pansi pa nyanja. Ku Uganda, pa nyanja ya Albert, zitsime za Kingfisher akukumba motero. Ubwino wake ndi woti BOP ndi mavalavu onse ali pamtunda, munthu atha kufikapo ndi sipanala, ndipo zotayika mutha kuzitchinga ndi khoma la dothi. Koma dzenje lokhota limafika makilomita owerengeka okha, silingafike pakati pa nyanja. Komanso gombe limene adzaimikepo makinawo mwina ndi lomweli limene mwayanikapo usipa.

A Gulupu, ndaona dzanja lina uko kwa achinyamata.