Makalata Anu: "Mwana wanga akungokhala pa benchi"

Tabweranso omvera, ndipo kalata yathu yoyamba yachokera kutali, kwa mayi wina wa ku South Bend ku Indiana, m'dziko la America, komwe kuli a Malawi ambiri ndithu. Alemba motere:

"Mwana wanga wamkazi anapeza sikolashipu ya basketball pa yunivesite ina yaikulu kuno. Ku sekondale ndiye anali dolo wa timu. Pano ali chaka choyamba, akungokhala pa benchi, akalowa ndi mphindi zitatu basi. Amandiimbira usiku akulira. Kodi ndimuuze asamukire sukulu ina?"

Pepani mayi, mwana akalira pa foni, tulo kwa kholo sitibwera. Koma mpira wa ku sekondale ndi wa ku koleji ndi zinthu ziwiri. Ku sekondale chigawo chimakhala cha mphindi 8, ku koleji ndi 10, zigawo zinayi. Mzere woponyera mapointi atatu uli patali, mamita 6.75, pomwe iye anazolowera pafupifupi mamita 6. Palinso wotchi ya masekondi 30 yoti timu ikhale itaponya, wotchi imene masekondale ambiri alibe. Ndiye amene akum'tchinga si atsikana anzake a zaka 17 ayi, ndi ntchembere za zaka 22 zimene zakhala zikunyamula zitsulo ku jimu zaka zinayi.

Ine ndimaona kuti chimene chimakhazika ana atsopano pa benchi kawirikawiri si kuponya. Kuponya amatha kale, n'chifukwa chake anam'tenga. Vuto ndi kutchinga. Ku sekondale dolo amapumira pamene mpira uli kwa adani, palibe amam'funsa. Ku koleji ukachedwa sitepe imodzi, kapena osam'kuwira mnzako kuti pali wina wabwera kudzam'tsekereza, mawa lake kochi akuimitsa vidiyo pomwepo timu yonse ikuonerera. Mwana amene sanadzudzulidwepo zimam'pweteka kwambiri.

Kumbukirani timu ya yunivesite ya South Carolina ya kochi Dawn Staley mu 2024, imene inapambana masewero onse 38. Tessa Johnson anali chaka choyamba, ndipo nthawi zambiri ankayambira pa benchi. Tsiku la fainolo ya makoleji a m'dziko lonse la America, atakumana ndi timu ya Iowa ya katswiri Caitlin Clark, ndi Tessa yemweyo amene anachinya kwambiri pa timu yake, mapointi 19, n'kupambana 87 kwa 75.

Za kusamukazo, malamulo a NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji ku America, amalola, ndipo kuyambira 2021 wosewera sadikiranso chaka chathunthu asanayambe kusewera kumene wapita. Komabe kochi wa uko adzaonera vidiyo yomweyi. Ine ndikanati mwana apite yekha kwa kochi, osati inu mayi, akafunse kuti akonze chiyani kwenikweni kuti aziwonjezeredwa mphindi. Mum'funsenso za tulo ndi za m'kalasi. Lamulo limati zamasewero zisapitirire maola 20 pa sabata, koma maulendo sawerengedwa m'menemo, ndipo akalephera maphunziro saloledwa kusewera. Kulirako kukapitirira, akaonane ndi alangizi a pasukulupo, si zamanyazi.

Ina yachokera kwa achimwene a ku Area 25 ku Lilongwe, amene amaonera masewerowa pa YouTube. Akuti: "Paige Bueckers ndi JuJu Watkins anawala chaka choyamba chomwecho. Enawa akudandaula chiyani? Si ulesi chabe?"

Haa, achimwene, mwatchula anthu awiri okha! N'zoona, Bueckers, ali ku yunivesite ya UConn, anasankhidwa wosewera wopambana onse m'makoleji mu 2021, woyamba wa chaka choyamba kutero, ndipo Watkins wa yunivesite ya USC anachinya mapointi 51 tsiku limodzi posewera ndi Stanford mu 2024. Koma timu imatha kukhala ndi osewera 15, m'bwalo mumalowa asanu. Enawo mukuti akhale pati? Komanso awiri mwatchulawo, onse anadzaduka mtsempha wa m'bondo, wina mu 2022, wina mu 2025. Thupi limamva ndithu.

Timve kaye nyimbo, tikabwera tiwerenga za netball.