Chicago Bulls: zikho 6, ndi amuna amene ankalandira mpira kwa Jordan

Moni nonse owonera. Lero tili ku Chicago, m'dziko la America, kwawo kwa timu ya ng'ombe yofiira ija imene mumaiona pa zipewa ndi malaya. Dzina lake ndi Chicago Bulls, ndipo inalowa mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, mu 1966. Zaka zake zoyambirira sitichedwa nazo, chikho sinachilaweko.

Nkhani ikuyambira mu 1984. Posankha osewera atsopano, Houston inatenga Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria, Portland inatenga Sam Bowie, ndipo Bulls, yachitatu pamzere, inatenga Michael Jordan. Mnyamatayu anali katakwe kuchokera tsiku loyamba. Mu 1986 anamwetsa mapointi 63 yekha pa bwalo la Boston Celtics, koma Bulls inaluza masewerowo.

Apa mumvetsetse, abale anga. Jordan anasewera zaka 6 popanda chikho. Detroit Pistons inawatulutsa mu mpikisano wa chikho mu 1988, 1989 ndi 1990. Njira yawo inali yankhanza koma yosavuta: Jordan akangolowera kunsi kwa neti, amuna awiri kapena atatu amamuunjikira n'kumugwetsa pansi. Ankadziwa kuti mpirawo saupereka.

Amene anasintha zinthu ndi mphunzitsi Phil Jackson, yemwe anatenga timu mu 1989. Iye ndi womuthandiza wake, Tex Winter, anabweretsa kaseweredwe kotchedwa triangle. Osewera atatu amaima mbali imodzi ya bwalo ngati mafuwa, mpira n'kumayenda dzanja ndi dzanja mpaka wina atapezeka poyera. Jordan sanaikonde msanga. Koma pambali pake panali Scottie Pippen, amene anabwera mu 1987, wamanja ataliatali, wotchinga, wopatsira, wogoletsa. Kwa ine, Pippen ndi munthu amene dziko silinamuthokoze mokwanira. Mu 1991 anasaina kontrakiti ya zaka 7 ya madola pafupifupi 18 miliyoni, ndipo anakhala akulandira zochepa kwambiri poyerekeza ndi thukuta lake.

Zikho zinayamba kugwa: 1991 anaswa Los Angeles Lakers, 1992 Portland, 1993 Phoenix. Taonani bwino kanema wa masewero omaliza a 1993. Bulls ikutsalira ndi mapointi awiri, nthawi yatsala pang'ono kutha. Mpira ukuchoka kwa Jordan, ukufika kwa Pippen, Pippen kwa Horace Grant, Grant akuubwezera kunja kwa John Paxson amene waima yekhayekha. Waponya wa mapointi atatu, walowa! 99 kwa 98.

Chaka chomwecho bambo ake a Jordan anaphedwa ndi achiwembu, ndipo iye anasiya basketball n'kukayesa baseball. Anabwerera mu Marichi 1995. Timu inawonjezera Dennis Rodman, wa tsitsi la mitundumitundu, amene ntchito yake inali kulanda mipira yophonya. Mu nyengo ya 1995-96 anapambana masewero 72, kuluza 10 okha. Anagonjetsa Seattle mu 1996, kenako Utah Jazz kawiri. Mu 1997 mpira wachikho anaponya ndi Steve Kerr, Jordan atamupatsira. Mu 1998, ku Salt Lake City kwawo kwa Utah Jazz, Jordan analanda mpira kwa Karl Malone wa timuyo n'kumaliza yekha, 87 kwa 86.

Zitatero timu inabalalika. Jackson ndi mkulu woyendetsa timu, Jerry Krause, sankamwerana madzi. Jackson anachoka, Jordan anapuma, Pippen analowera ku Houston. Zimandipweteka ndithu, chifukwa palibe timu imene inawalanda chikhocho pabwalo.

Chiyembekezo chinadzukanso ndi Derrick Rose, mwana wa mu Chicago momwemo, amene mu 2011 anakhala wosewera wapamwamba wa ligi ali ndi zaka 22. Mu Epulo 2012 mtsempha wa bondo unaduka, ndipo liwiro lake lija silinabwererenso lonse. Mnzake pa timuyo anali Luol Deng, wobadwira ku Wau, mzinda umene lero uli m'dziko la South Sudan, amene anavala malaya a Bulls kuyambira 2004 mpaka 2014. Deng anabwerera kwawo kukatsogolera bungwe la basketball la South Sudan, ndipo mu 2024 timu ya dzikolo inasewera pa Olimpiki ku France.