Wakuopsezani chifukwa cha khungu? Kaneneni kupolisi

Ana akhale pansi kaye, nsima siithawa. Mwamva zomwe zagwera mlongo wathu pano pa South Bend, m'chigawo cha Indiana kuno ku America. Kudzuka m'mawa, galimoto yalembedwa mawu otukwana anthu akuda, pagalasi pali kapepala koopseza. Iye anangotsuka n'kupita kuntchito. Amayi, kuno sitichita choncho. Kaneneni kupolisi!

Ife Amalawi tili ndi matenda a "zitha zokha, ndife alendo". Inenso mnyamata wina atandilavulira pokwerera basi ndinangopukuta, mpaka lero ndimadziimba mlandu.

Tamverani. Lamulo la dziko lino la 1968 limaletsa mfuti munthu amene khoti lamupeza ndi mlandu waukulu, woti chilango chake chikhoza kupitirira chaka kundende. Koma wopezeka ndi mlandu waung'ono wa chidani, lamulo limeneli silimukhudza, mawa lake akhoza kukagula mfuti. California inatseka mpata umenewu mu 2017: woteroyo amakhala zaka 10 osagwira mfuti. Ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, bilu ya Disarm Hate Act yofuna kutseka mpata womwewu yabwerako kangapo, koma sinadutse.

(Bambo wina: Ndiye kunenako kuthandiza chiyani, poti lamulolo kulibe?)

Mwafunsa bwino, achimwene. Indiana ili ndi lamulo lina la 2005, lolola apolisi kulanda mfuti munthu amene akuoneka woopsa, khoti n'kugamula ngati angamubwezere. Nanga khoti liona bwanji kuopsa kwake inu mutatsuka umboni ndi sopo? Komanso kuyambira Julaye 2022, kuno munthu sasowa chiphaso kuti ayende ndi mfuti yaing'ono. Amene walemba pagalimoto uja mwina ili m'thumba. Ku Charleston mu 2015 anthu 9 anaphedwa m'tchalitchi akuphunzira Baibulo. Ku Buffalo mu 2022 anthu 10 anaphedwa musitolo ya Tops, mlandu wawo khungu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kaneneni kupolisi, ndatero.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana mapoto, ndiye mwachangu. Musatsuke, musang'ambe, jambulani pafoni. Lembani tsiku ndi nthawi. Uzani wapolisi kuti mukuona kuti ndi chifukwa cha khungu, alembe zimenezo, mutenge nambala ya lipoti. Munthuyo musalimbane naye, ngati ali pafupi imbani 911. Amene Chingerezi chimawavuta, tiperekezana. Mlongo, kapepala kaja musataye, mawa tipitira limodzi.