Chishalo sachiyeza ndi chala: zomwe ananena makaniko wa njinga pa msonkhano wa akabaza ku Ngabu

Zikomo a nyakwawa, zikomo a tcheyamani ndi komiti yanu, amayi ndi abambo nonse amene mwasiya zochita kubwera pansi pa mtengo uno. Ine si dokotala ayi, ndine munthu wa sipanala. Ndapalasa shapa, kabaza wa njinga yemweyu, zaka zambirimbiri pakati pa Ngabu pano ndi Nchalo ndisanakhale pansi kumakonza njinga za anzanga, nde zina zomwe ndinene lero ndinaziphunzira ndi thupi langa lomweli. A nyakwawa mundikhululukiretu pakamwa, nkhani ya chishalo singakambidwe osatchula matako. (anthu akuseka)

Ndiyambe ndi kupusa kwanga komwe. Chaka china thonje linandiyanja, nditagulitsa ndinakwera minibasi kukwera phiri la Thabwa mpaka mu Limbe, sitolo yake sinditchula, ndinakapeza chishalo chachikulu chakuda chonenepa ngati sofa ya kwa bwana. Ndinachidina ndi chala chonchi, chala chonse chinamira, mumtima ndinati basi mavuto anga atha. Ndalama yomwe ndinasiya pamenepo ikanagula matayala awiri ndi tcheni. Tsiku loyamba kuchoka pa siteji kukafika kumsika zinali bwino ndithu, anzanga kumapempha kuti tikhaleko pang'ono. Koma tsiku lomwe ndinanyamula mayi wina ndi thumba lake la mapira ulendo wa ku Nchalo dzuwa lili paliwombo, aaa abale, pobwerera ndinapalasa choimirira ngati mwana wobera njinga ya bambo ake, kutsogolo konseku kutachita dzanzi osamva kanthu, mntchafu mutanyuka. Sabata isanathe ndinachimasula nkubwezerapo chakale chija chong'ambika.

Chasofa chija nachi ndabwera nacho, ndinachisunga dala. Taonani ndachicheka pakati kuti muone mkati. Siponji yokhayokha, mukuona apa pamene yaphwa ngati chitumbuwa chopondedwa? Apa ndi apa. Koma pakatipa yatukuka. Nkhani yonse ya lero ili pa malo atatu amenewa.

Munthu aliyense ali ndi mafupa awiri m'matako, mukakhala pa benchi ya tchalitchi nthawi yaitali mumawamva akudinda. Mafupa amenewo Mulungu anawaika kuti azinyamula thupi munthu akakhala pansi, ndi olimba, amazolowera. Koma pakati pawo, kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo, pamadutsa mitsempha ya magazi ndi mitsempha ina yomwe imapangitsa kuti kumaso kuzimva, ndipo pamenepo sipanapangidwe kuti pazinyamula katundu. Tsono mukakhala pa siponji yofewa kwambiri mafupa aja amamira mpaka pansi, siponji yotsala pakati ija imakwera nkumakanikiza mitsempha. Dzanzi lija limachokera pamenepo. Chishalo cholimbirako chimagwira mafupa awiri aja pamwamba nkusiya pakati pali mpata. Nchifukwa chake agogo athu ankachoka kuno pa njinga ya Humber ya chishalo chachikopa chouma gwaa kukafika ku Bangula, nkutsika akuyenda bwinobwino.

Abambo ndikuoneni m'maso pang'ono. Dzanzi limeneli musamaliseke. Likamabwera tsiku ndi tsiku kwa miyezi, ena amayamba kufooka m'nyumba, mayi kunyumba nkumaganiza kuti mwina kuli wina ku Nchalo, ena mpaka kuthamangira kwa asing'anga kuti andilodza, chikhalirecho wolodza wakeyo akumukhalira yekha kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka madzulo. Amayi nanunso zimakuchitikirani, kungoti simunena. Koma ndichenjeze apa, si vuto lililonse la kumusiku lomwe ndi la chishalo. Mukaona magazi mumkodzo musati ndi njinga, kuno kuchigwa timasamba ndi kuwedza m'madambo, likodzo ndi lambiri, pitani kuchipatala akakuyezeni. Kutupa kosaphwa chimodzimodzi, sipanala yanga singachize zimenezo.

Nde funso nkumati chishalo choyenera ine ndichidziwa bwanji. Apa sipafunika ndalama, pafunika katoni basi, ija ya sopo kapena ya mafuta ophikira, yokhala ndi timizere mkati. Mnyamata iwe tabweretsa benchi iyo. Mumaika katoni pa benchi yolimba chonchi, nkukhalapo mutavala buluku lopyapyala, m'matumba mulibe foni kapena makiyi, mapazi mwaponda pa njerwa kuti maondo akwere pang'ono, nkukhala mmene mumakhalira pa njinga yanu. Werengani mpaka 30. Mukadzuka mupeza timaenje tiwiri. Taonani tanga iti, ndikuzunguliza ndi khala kuti akumbuyo muone. Mutenge rula ya mwana wa sukulu muyeze kuchokera pakati pa kadzenje aka kufika pakati pa aka. Anthu ambiri zimagwera pakati pa masentimita 10 ndi 15, ndipo amayi kawirikawiri mafupa awo amatalikirana kuposa abambo. Pa nambala yanuyo muonjezerepo masentimita awiri, ngati mumapalasa mutawongoka ngati pa njinga zathu za kabazazi muonjezere atatu kapena kuposerapo pang'ono, kumbuyo kwa chishalo chanu kuzikhala kotambalala choncho. Kunenepa kwa munthu sikunena kanthu apa, ndaonapo bambo wamimba yake mafupa ali pafupipafupi, kamnyamata koonda ngati bango mafupa ali uku ndi uku. Katoniyo muipinde muike m'thumba popita kogula, mukaisanjike pa chishalocho, wogulitsa akakusekani musiyeni aseke.

Tsono za ndalama. Mitengo sinditchula, chichokereni Novembala 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mtengo wa chitsulo chilichonse sukhala malo amodzi, ndinganene lero mawa mudzanditcha wabodza. Koma ndiyambe ndi munthu amene alibe ngakhale 1 kwacha, chifukwa ambiri amene amabwera kwa ine kuti ndigulitseni chishalo china ndimawabweza osagula kanthu, vuto limakhala kamangidwe.

Chishalo chimafuna chigone fulati. Ena mumachikweza mphuno kuyang'ana kumwamba ati kuti musatsetsereke mukanyamula makala, mphuno imeneyo ndi yomwe ikukubayani pa mitsempha paja. Ena mumachigwetsa mphuno kwambiri nde thupi lonse limatsamira m'manja, madzulo mapewa ndi zikhatho kuwawa. Imikani njinga pamalo osatsetsereka, ikani kathabwa pamwamba pa chishalo, gonekanipo botolo la madzi losadzaza, muone ngati madziwo akuthawira mbali imodzi. Sipanala ya 13 kapena 14 imamasula nati ya pansipo, mwawongola, mwamanga, basi. Kutalika kwake nakonso: khalani pa chishalo wina akugwirireni njinga, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke bwinobwino osapendeketsa chiuno. Mukamapalasa ndi kutsogolo kwa phazi bondo lizipindika pang'ono chabe. Chikatsikitsitsa maondo amawawa ndipo mphamvu zimangothera pachabe, chikakweretsa chiuno chimagwedera uku ndi uku ngati bakha ndipo kunyuka kumayambira pomwepo. Ana athu opita ku sekondale pa njinga ya bambo awo ndi amene ndimawamvera chisoni, atsitsireni chishalo, ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Chinanso, paipi ya chishalo ija musaisolole mpaka kumapeto, zambiri zimakhala ndi kamzere kosonyeza polekezera, mukapitirira pamenepo tsiku lina idzathyoka kapena kung'amba fulemu muli pa liwiro.

Nanga dzuwa lathuli. Okutobala ndi Novembala kuno kumapyola madigiri 40, chishalo chakuda cha pulasitiki chikakhala pa siteji ola limodzi mukhoza kukazingirapo dzira. Pulasitikiyo imauma nkusweka, ndipo thukuta likakumana ndi msoko wokhuthala wa jinzi pakati pa miyendo ndi pomwe pamatuluka zithupsa zija. Kansalu koyera kosokedwa bwino kovindikira chishalo kamathandiza, kakhale kokoka kopanda makwinya, ndipo kazichapidwa. Koma zomazengereza zisanza ndi matumba a feteleza nkumanga ndi mphira wa chubu mpaka chishalo kuoneka ngati mtolo wa fodya, zimenezo mukungopanga sofa yanga ija ndi manja anu. Kabudula wamkati akhale wa thonje, wouma, wosintha tsiku lililonse, izi ndanena basi sindibwerezanso.

Amene ali ndi kangachepe, ine ndimati yambani mwayang'ana zakale musanathamangire zatsopano zonyezimira. Kwa okonza njinga ndi pa kaunjika wa zitsulo mumapezeka zishalo zochoka pa njinga zakunja, chikopa chapamwamba chitang'ambika koma chitsulo chapansi chili chamoyo. Tembenuzani muone kunsi, ndi kumene kuli chilungamo. Tizitsulo tiwiri togwira chishalo tisakhale topindika kapena towotcherera, masipuling'i onse awiri akhale ofanana msinkhu, mukadina mbali imodzi ibwerere. Sipuling'i imodzi ikafooka mumakhala chopendekera osadziwa, pakapita miyezi msana wayamba. Chotere mukapita nacho kwa osoka nsapato amakuikirani siponji yopyapyala yolimba, ija ya patapata wakutha imagwira bwino ntchito, nkukuta ndi chikopa, chimatha zaka. Zatsopano zotchipitsitsa zija zambiri pansi pake ndi kachitsulo ka lata kopyapyala, mukadutsa nazo kawiri msewu wa mabampu wopita kumidzi ya kumtunda kapena mmatope ouma a pambuyo pa madzi osefukira, nati yapakati imayamba kuzungulira yokha chishalo nkumagwada. Kugula chotero katatu pachaka ndi kugula chabwino kamodzi, werengerani nokha.

Pali zina zowonda zazitali za njinga zamagiya, zina zili ndi chibowo pakati. Chibowocho si kuwonongeka ayi, anachiika dala kuti mitsempha ija ipume, ndipo kwa amene dzanzi lawavuta chimathandiza ndithu. Koma zambiri mwa izo anapangira munthu wopalasa chowerama. Inu wa kabaza mumakhala chowongoka, kulemera konse kuli pa matako, mukaika kowondako mafupa aja amagwera m'mbali. Anyamata mumazikonda chifukwa cha sitayilo, ndikudziwa, koma katoni ikakana musakakamire. Amayi onyamula tomato ndi milamba kuchokera kudambo, inu funani chotambalala kumbuyo chamfupi mphuno, sichikola chitenje pokwera ndi potsika.

Amene thumba lawo lili bwinoko, mwina mwagulitsa mbuzi kapena nzimbe zalipira, pezani chishalo cha masipuling'i enieni okhuthala, pansi pake cholimba, siponji yoti mukadina ndi chala chachikulu ingolowa pang'ono nkubwerera msanga. Njinga za Buffalo zija, zomwe kaliyala wake anamupangira makilogalamu 100, zida zake zimagulitsidwanso pazokha, mukhoza kufunsa chishalo chokha, kungoti tengani njinga yanu kapena paipi yake mukayese ngati zikugwirizana, chifukwa si chomangira chilichonse chimalowa paliponse. Pamwamba pa zonse pali zachikopa chenicheni, dzina lotchuka ndi Brooks, kampani ya ku Birmingham ku England yomwe inayamba mu 1866 ndipo mpaka lero ikupangabe. Chikopa ubwino wake chimapuma, sichitentha ngati pulasitiki, ndipo pakapita milungu chimadinda mafupa a mwini wake nkukhala chake chake, wina akabwereka amadandaula. Kunsi kwa mphuno kuli kanati kokokera chikafwefwenthera. Koma chatsopano mtengo wake ukhoza kupitirira njinga yonse yomwe mwakwerayo, komanso chimadana ndi madzi. Kwa munthu woolotsa njinga pa bwato kupita ku East Bank kutsidya kwa Shire, kapena amene anaona mmene madzi a namondwe wa Freddy analowera m'nyumba mu 2023, ine sindingamulimbikitse. Koma mukachipeza chakale pa njinga ya malemu agogo chili mbuu kuseri kwa nkhokwe, musataye, bweretsani tichione.

A tcheyamani akundiloza dzuwa, ndamva bambo. Kamodzi kokha aka: mpando wa kasitomala kumbuyoku mumaukongoletsa ndi mphonje, siponji yokhuthala, dzina la mwana wanu kulembapo, zabwino ndithu, iye amakhalapo mphindi 20 nde kufewa kumamukomera. Inu mumakhala pa panu tsiku lonse. Ndipo ngakhale chishalo chikhale chabwino bwanji, muzidzuka pa mapedulo kamphindi pakapita kanthawi kuti magazi ayende, makamaka pobwerera mulibe munthu. Chatsopano chilichonse chipatseni sabata imodzi kapena ziwiri, kuwawa kwa pa mafupa kumatha thupi likazolowera, koma dzanzi la kutsogolo silizolowereka, likabwera bwererani tidzasinthe.

Makatoni ndabwera nawo okwanira, ali m'thumba umo. Abambo tiyezera pa benchi pompano, amayi mupite kuseri kwa kalasi uko ndi mayi a komiti, rula ina nayi. Amene mwabwera pa njinga muziimike pamzere apa ndizione kagonedwe ka zishalo, kuyambira ya agogo iyo yamangidwa ndi waya. Sipanala ya 13 ndili nayo imodzi yokha, amene aibwereke ibwerere m'manja mwanga.