Bajeti Yadutsa, Nanga Choko Chili Kuti? Katsatidwe ka Ndalama za Boma Kuchoka ku Capital Hill Mpaka pa Sukulu Yanu

[Chithunzi: aphungu akuomba matebulo. Kenako kalasi ya pansi pa mtengo.]

Imani kaye, musadutse vidiyoyi. Nduna ya zachuma yaima m'Nyumba ya Malamulo, yawerenga mabiliyoni opita ku maphunziro, aphungu aomba matebulo. Papita miyezi isanu. Mwana wanu wa Sitandade 3 akadali pansi pa mtengo wa mango, bolodi ataliyedzamiritsa pa thunthu, aphunzitsi akuthyola choko chimodzi pawiri kuti chifike Lachisanu. Ndalama zija zatsakamira pati? Lero tiziyenda nazo khomo ndi khomo, ndipo chakumapeto ndikupatsani kalembedwe ka kalata imene lamulo limakakamiza ofesi ya boma kuyankha. Ngati ndinu atsopano pano, dinani subscribe ndi kabelu kaja, tiyambepo.

Zoyambira mwachangu, chifukwa ambiri mukuzidziwa. Ndalama za boma ndi msonkho wanu: wodulidwa pa malipiro, VAT ya pa mayunitsi ndi katundu wina wa m'sitolo, msonkho wa pachipata katundu akamalowa. MRA imatolera, zimakalowa mu thumba limodzi ku Reserve Bank, lija amati Account Number One. Pamwamba pake pali ngongole ndi thandizo lakunja. Chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, kuyambira mu 2022. Kale chinkayamba mu Julayi, choncho samalani mukamayerekeza zaka. Ndipo gawo 12 la malamulo aakulu a dziko lino limati olamulira amagwira mphamvu mowasungira anthu. Basi. Tiyeni ku masitepe.

Sitepe yoyamba: dziwani voti yanu.

Unduna uliwonse uli ndi nambala yake mu bajeti, yotchedwa voti. Maphunziro ndi 250, zaumoyo ndi 310, ulimi ndi 190. Mkati mwa voti muli magawo atatu: malipiro a antchito, ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku zimene a m'boma amangoti ORT, ndi chitukuko. Chitukukonso chili pawiri, Part 1 ya ndalama zakunja ndi Part 2 ya m'thumba lathu. Choko, mafuta a ambulansi, chakudya cha odwala, zonsezi ndi ORT. Sungani mawu amenewa, tiwafuna posachedwa.

Sitepe yachiwiri. Apa mukhale pansi ndithu, chifukwa ndi pamene pali bodza limene limandipweteka mutu.

Bodza lake ndi ili: "Bajeti ikadutsa ndiye kuti ndalama zilipo." Mumalimva pa wailesi, m'minibasi, ngakhale kwa anthu ophunzira bwino. Ayi, abale anga. Chimene aphungu amavomereza ndi chilolezo. Lamulo lija amadutsitsa kumapeto kwa zokambirana limangoti boma likhoza kugwiritsa ntchito ndalama mpaka pa mlingo wakutiwakuti. Silikunena kuti ndalamazo zili kale m'bokosi. Tsiku limene bajeti ikudutsa, msonkho wa mwezi wa Novembala sunatoleredwe, ngongole zina sizinasayinidwe, ndipo ena mwa olonjeza thandizo sanatumize kalikonse.

Ndiye pa ntchito iliyonse ya boma pali manambala atatu. Yoyamba, yovomerezedwa ndi aphungu. Yachiwiri, imene Treasury, nthambi ya unduna wa zachuma yogawa ndalama za boma, yatumizadi. Yachitatu, imene yagwiritsidwa ntchito. Andale amakonda kutchula yoyamba yokha, chifukwa ndiyo yonenepa.

Treasury imapereka ndalama mwezi ndi mwezi, potengera zimene zalowa. Ndipo pali mzere. Kutsogolo kuli zimene sizingadumphidwe: chiwongoladzanja cha ngongole, malipiro, penshoni. Mu bajeti ya 2025/26, ya pafupifupi K8 thiliyoni, chiwongoladzanja chokha chinaposa K2 thiliyoni. Ndibwereze: pa K4 iliyonse, kuposa K1 inkapita kwa otikongoza, osati kubweza ngongole yeniyeniyo, koma chiwongoladzanja chabe. Zotsala ndiye zimagawidwa kwa ena onse. Mwezi ukavuta, woyamba kudulidwa ndani? ORT ndi chitukuko cha Part 2. Choko chija. Mafuta a ambulansi aja.

Tiyerekeze, ndipo awa ndi manambala ongophunzitsira. Ofesi ya maphunziro ya boma lina yavomerezedwa K120 miliyoni ya ORT pachaka, kutanthauza K10 miliyoni pamwezi. Epulo yalandira 10. Meyi 6. Juni palibe. Julayi 7. Miyezi inayi yatha, anayenera kulandira 40, alandira 23. Alangizi a masukulu, ma PEA, njinga zamoto zaima, palibe woyendera sukulu. Wogulitsa mapepala anapereka katundu pangongole, sanalipidwe, ulendo wina adzakweza mtengo kuti adziteteze, kapena adzakana. Ndipo chaka chikatha pa 31 Malichi, chilolezo cha ndalama zimene sizinabwere chija chimafera pomwepo. Sizisungidwa penapake kuti mudzazitenge chaka chamawa.

Onjezani kugwa kwa kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, chaka cha boma chili pakati. Nambala ya mu bajeti ya mankhwala ikhoza kukhala yomweyo pa pepala, koma mankhwala ambiri timagula kunja, ndiye makatoni amene ndalamayo ingagule anachepa tsiku lomwelo.

Chifukwa chake bodzali limandikwiyitsa n'chakuti limapweteka mbali ziwiri. Mbali ina, makolo amathamangira ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu, "wadya ndalama zathu, tinamva pa wailesi," pamene ku akaunti ya sukulu sikunalowe ngakhale tambala. Munthu wosalakwa watukwanidwa pamaso pa ana, amene anachedwetsa ndalama ali phee ku Lilongwe. Mbali inayo, wakuba weniweni amabisala kuseri kwa mawu akuti "funding sinabwere," chonsecho inabwera, ndipo palibe amene wamufunsa pepala. Mukapanda kusiyanitsa manambala atatuwa, simungadziwe woti mumugwire pamkono.

Ndipo ngakhale nambala yachitatu imanama. Kumbukirani Cashgate mu 2013. Mu kompyuta za boma, pa dongosolo la IFMIS, ndalama zinkatuluka ngati malipiro a makampani, macheke n'kusayinidwa, koma makampaniwo sanapereke katundu aliyense, ndipo zolembedwa zina zinkafufutidwa pambuyo pake. Akatswiri a Baker Tilly atafufuza miyezi isanu ndi umodzi yokha, Epulo mpaka Seputembala 2013, anapeza mabiliyoni oposa 13 atapita motero. Nkhaniyi inaphulika Paul Mphwiyo, yemwe anali mkulu woona za bajeti, atawomberedwa mu Seputembala chaka chomwecho. Maiko otithandiza anaimitsa ndalama zothandizira bajeti, ndipo amene anamva kuwawa ndi odwala m'zipatala za boma. Ndiye funso lachinayi, loposa onse: chinthucho chili kuti? Tikachione ndi maso, tichigwire.

Lembani m'makomenti, kwanu ndi boma liti, ndipo ndi ntchito iti imene inalengezedwa koma mpaka lero ndi maziko okha. Ndikuwerenga onse.

Sitepe yachitatu: tsikirani ku khonsolo ndi ku sukulu.

Ndalama za ORT za masukulu a pulayimale ndi zipatala za m'maboma zimadzera ku makhonsolo, ndipo woyang'anira kagawidwe kake ndi komiti ya National Local Government Finance Committee. Woyankha pa ndalama za khonsolo ya boma ndi bwanamkubwa, a DC. Pa sukulu, funsani za SIG, thandizo limene limalowa mu akaunti ya sukulu kuti likwaniritse pulani imene makolo, komiti ya sukulu ndi aphunzitsi anagwirizana. Pemphani zinthu zinayi: pulaniyo, sitetimenti ya ku banki yoonetsa tsiku limene ndalama zinalowa, makotesheni a ogulitsa, ndi malisiti. Kenako werengani katunduyo. Lisiti ikati matumba 40 a simenti, khoma limene lamangidwa lifanane ndi matumba 40. Sukulu yoyenda bwino mudzaidziwa polowa mu ofesi: pakhoma pamatidwa pepala lalikulu lolembedwa ndi maka, ndalama zolowa mbali iyi, zotuluka mbali iyo, ndi deti. Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi kusayiniratu macheke opanda kanthu "kuti tisamavutane kuitanana." Komiti iliyonse imene ikundimva, lekani zimenezo lero.

Tisaiwale kuti katunduyu ndi wolemera kuyambira kale. Pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, makalasi ndi aphunzitsi asanakonzedwe.

Sitepe yachinayi: CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu. Si ndalama za m'thumba mwa phungu, ndi msonkho wanu wodzera ku khonsolo. Mu Meyi 2025 khoti la zamalamulo aakulu, pa mlandu umene bungwe la makhonsolo la MALGA linakasuma, linagamula kuti aphungu sayenera kuyendetsa thumbali, chifukwa amene ntchito yake ndi kulondoloza ndalama sangakhalenso wozigwiritsa ntchito. Nkhaniyi ndi yaitali, ili ndi vidiyo yakeyake imene ikubwera, kabelu kaja kakuuzani.

Sitepe yachisanu: ubale ndi maiko akunja nawo ndi nkhani ya m'thumba mwanu.

Anthu amaona ngati za akazembe ndi za mabwana ovala mataye. Mu Epulo 2011 boma la Bingu wa Mutharika linathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, ndipo mu Julayi chaka chomwecho Britain inaimitsa thandizo lake la bajeti. Chisankho cha ku nyumba ya boma chinafika mpaka pa shelefu ya mankhwala. Ngongole zakunja nazo zimadutsa m'Nyumba ya Malamulo ngati mabilu, ndiye phungu wanu amavotapo. Chitsanzo chowawa ndi mathirakitala. Boma linakongola madola 50 miliyoni ku banki ya Exim ya ku India, mbali ina n'kugulira mathirakitala 177 ndi makina otonolera chimanga 144 oti athandize alimi ang'onoang'ono. Ambiri anagulitsidwa motchipa kwa anthu a maudindo. Ofesi ya Ombudsman, yomva madandaulo a anthu pa ntchito za boma, pansi pa Martha Chizuma, inatulutsa lipoti mu 2016, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana nayo mu 2019. Ngongoleyo ikubwezedwa ndi tonsefe, kuphatikizapo mlimi amene akulimabe ndi khasu. Bilu ya ngongole ikabwera, mafunso ndi anayi: chiwongoladzanja ndi chingati, tibweza zaka zingati, tiyamba liti, ndipo kontirakitala asankha ndani, ife kapena wotikongoza?

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: werengani lipoti la Auditor General. Ofesi yake, National Audit Office, imafufuza mabuku a maunduna ndi makhonsolo n'kupereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo, kumene komiti ya aphungu yolondoloza ndalama za boma, PAC, imaitana alembi aakulu a maunduna ndi ma DC kudzayankha. Musaope kukula kwa bukulo. Pitani pa dzina la khonsolo yanu, muyang'ane mawu obwerezabwereza: malipiro opanda zikalata zoikira umboni, mafuta osalembedwa m'kaundula, maalawansi opanda siginecha ya wolandira, katundu wosalowetsedwa m'buku la sitolo. Vuto lake malipotiwa amatuluka mochedwa, wolakwa atasamutsidwa kale. Koma akatuluka pa nthawi amaluma: kafukufuku wa K6.2 biliyoni ya Covid-19 atatuluka mu Epulo 2021, nduna ya zantchito inachotsedwa ndipo akuluakulu angapo anamangidwa.

Tafika pa kalata ija. Sitepe yomaliza.

Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, Access to Information Act, linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Ofesi iliyonse ya boma iyenera kukhala ndi munthu wolandira mapempho otere, ndipo iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Polemba, musati "tikufuna kudziwa mmene ndalama zikuyendera." Akuyankhani ndi nkhani yaitali yopanda nambala. Lembani chonchi: "Ndikupempha chikalata choonetsa ndalama za SIG zimene zinavomerezedwa pa sukulu yakutiyakuti m'chaka cha 2024/25, ndalama zimene zinatumizidwa, ndi madeti amene zinatumizidwa." Chaka chimodzi, sukulu imodzi, manambala ndi madeti. Lembani makope awiri. Imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo cha ofesi chokhala ndi deti, mubwerere nayo kunyumba. Popanda chidindo chimenecho adzati kalata sanaione, ndipo masiku 15 aja alibe poyambira. Akakana kapena akangokhala chete, pemphani mkulu wa ofesiyo aunikenso, ndipo zikakanika pitani ku Malawi Human Rights Commission, ndiwo oyang'anira lamuloli. Mukapeza kuti ndalama zinabwera koma katundu palibe, imeneyo ndi ya ACB, bungwe lothana ndi ziphuphu. Mukapeza kuti ofesi ikungokuzungulitsani, ndi ya Ombudsman. Ndipo musapite nokha: pitani ngati komiti ya sukulu, komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) kapena ya m'dera (ADC), mutenge ndi khansala wanu, chifukwa kalata ya anthu khumi ndi yovuta kuiponya m'dirowa.

Mawu a kalatayi ndi aja ndakupatsani pamwambapa, koperani, musinthe dzina la sukulu ndi chaka. Tumizani vidiyoyi pa gulu la WhatsApp la makolo a pasukulu panu, makamaka kwa tcheyamani ndi msungichuma wa komiti. Sabata yamawa titsegula voti 310, tione njira imene botolo la mankhwala limayenda kuchoka ku Central Medical Stores Trust mpaka pa windo la chipatala chanu, ndi malo atatu amene limasowera panjira.