Nambala wani wa draft ndiye Rookie of the Year? Bodza limeneli lithe lero

Moni moni anthu anga, takulandiraninso pa channel yathu ya basketball ya amayi. Lero tili pa ma rookie a WNBA, ligi ya amayi ya ku America, ndipo pali bodza lina landitopetsa m'ma comment, ndilifikira pompano.

Choyamba, mwachangu kwa amene mwangotipeza kumene. Rookie ndi wosewera amene ali m'chaka chake choyamba mu ligi. Draft, pamene matimu amasinthana kusankha osewera atsopano, imachitika mu Epulo, Meyi ligi yayamba basi, mtsikana wangomaliza kumene mpira wa ku koleji osapuma n'komwe. Season ikamatha atolankhani ndi owulutsa mpira amavota, wopambana ndiye Rookie of the Year. Ligi inayamba 1997, mphothoyi 1998, woyamba kuitenga Tracy Reid wa Charlotte Sting.

Chachiwiri, mayina awiri oti muwasunge. Candace Parker, 2008, Los Angeles Sparks, anatenga Rookie of the Year ndi MVP, mphotho ya wosewera wopambana onse mu ligi, chaka chimodzi chomwecho, palibenso wina anachitapo zimenezo. Ndiye Caitlin Clark 2024, ma assist 337, Rookie of the Year ndi mavoti 66 mwa 67, imodzi yotsalayo inapita kwa Angel Reese. Ngati simunadine subscribe dinani pano, belunso, kenako tipitirize.

Chachitatu, bodza lija. Akuti amene wasankhidwa nambala wani mphotho ndi yake kale, kuvota n'kongokwaniritsa mwambo. Ayi ndithu! Ndikudziwa kumene zikuchokera, Rhyne Howard 2022, Aliyah Boston 2023, Clark 2024, Paige Bueckers 2025, anayi motsatizana onse manambala wani, ndiye amene munayamba kuonera ligi posachedwapa mukuona ngati ndi lamulo. Koma tabwererani m'mbuyo pang'ono.

2013 dziko lonse linali pa Brittney Griner nambala wani, gemu yake yoyamba yeniyeni anamenya ma dunk awiri, koma gemu imeneyo inawina ndi Chicago Sky ya Elena Delle Donne, nambala 2, ndipo mphotho inapitanso kwa Delle Donne yemweyo. 2017 Kelsey Plum nambala wani, inatengedwa ndi Allisha Gray nambala 4. Sue Bird amene, Sue Bird! nambala wani koma sanaitenge 2002, anatenga Tamika Catchings. 2019 Napheesa Collier nambala 6, 2021 Michaela Onyenwere nambala 6.

Koma yondikoma ine ndi ya 2020, chaka cha Covid chija ligi yonse inatsekeredwa malo amodzi ku Bradenton, Florida, kusewera popanda masapota. Sabrina Ionescu nambala wani anabinya akakolo mu gemu yachitatu, season yake inathera pomwepo. Ndiye kunali kamtsikana ka Minnesota Lynx, Crystal Dangerfield, masentimita 165 okha, akaima pafupi ndi ma center, osewera aatali aja, mutu wake kulekeza pachifuwa pawo. Round yoyamba yonse inatha osamva dzina lake, anakamutola nambala 16. Coach Cheryl Reeve atamupatsa mpata mwanayu sanabwezenso, kulowa pansi pa zimphona ndi mpira osaopa, mapointi 16 pa gemu. Mphotho anatenga iyeyo, ndipo palibe wosankhidwa mochedwa chonchi amene anaitengapo.

Ovota amayang'ana zimene wachita m'bwalo kuyambira Meyi, ndiye zimadalira maminitsi amene coach akukupatsa, timu imene wagweramo, komanso ngati thupi lapirira. Nambala ya draft ija imangonena zimene matimu ankaganiza mu Epulo.

Chachinayi, chachidule, pamakhalanso All-Rookie Team ya osewera asanu, ena abwino amene aphonya mphotho yaikulu mumawapeza mmenemo.

Lembani mu comment rookie amene mukuona kuti anamumana mphotho, nditenga mayina atatu tiwakambe mu vidiyo ya Loweruka. Yotsatira apa ndi ya Nneka ndi Chiney Ogwumike, mkulu ndi mng'ono wake, makolo awo a ku Nigeria, wina anatenga mphothoyi 2012 wina 2014, dinani pakona apo.