Makalata a Omvera: Khutu Limodzi Kapena Onse Awiri?

Thumba la sabata ino ladzaza nkhani za makutu, koma kalata yandikhudza kwambiri yachokera ku Leicester, ku England. Mayi wina akuti mwana wawo wa chaka chimodzi anabadwa wosamva, ndipo madokotala akufuna kumuika makina a cochlear implant, othandiza kumva omwe amaikidwa m'kati pa opaleshoni, m'makutu onse awiri tsiku limodzi. Apongozi awo kuno kumudzi akana: "Khanda limenelo aling'ambe uku ndi uku? Ayese kaye limodzi."

Mayi, agogowo musawakwiyire, ndi chikondi chimenecho. Koma akhazikeni pansi. Munthu amadziwa kochokera phokoso chifukwa limafika msanga komanso mokweza kukhutu lina kuposa linzake. Mwana wa makina a mbali imodzi amatha kuphunzira kulankhula ndithu, koma mukamuitana amayamba wacheukacheuka, galimoto ikaliza hutala sadziwa kothawira, ndipo m'kalasi mukachuluka phokoso amavutika kutola mawu a aphunzitsi. Ana oikidwa mbali zonse amachita bwinoko pa zimenezi. N'chifukwa chake kuyambira 2009 bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo ku England, limalangiza kuti ana kumeneko aziikidwa onse awiri pa opaleshoni imodzi. Za "kuyesa kaye" zija n'zimene ndikukana ine. Ubongo umazolowera khutu loyambalo, ndipo pakadutsa zaka zambiri lachiwiri limatsalira m'mbuyo.

Komatu musayembekezere kuti akangochoka kuchipatala aitana "amama". Makinawo amayatsidwa pakapita masabata angapo, kenako amawasinthasintha mpaka amukwane. Azivala nthawi zonse ali maso, inu muzimulankhula osatopa, Chichewa chomwe. Agogowo apatseni ntchito yomuimbira nyimbo pafoni, mudzaona eni akewo akudzitama kuti mdzukulu anamuphunzitsa ndi iwo!

Bambo a ku Mzimba akufunsa ngati makinawa ndi omwe aja ongokoloweka pakhutu. Ayi bambo, aja amangokweza mawu, pomwe awa amalambalala mbali yowonongeka n'kutumiza uthenga ku mtsempha wakumva. Achemwali a ku Zomba, mwafunsa ngati chinenero chamanja n'chofunikabe mwana akaikidwa makinawa: musachisiye, mwana akavula makina usiku mulankhulana naye bwanji?

Tsopano ndikudzudzuleni pang'ono, abale anga. Makalata ambiri akunena chimodzimodzi: mwana anadwala matenda oumitsa khosi, wachira koma sakumva, tikudikira kuti mwina makutu atseguka okha. Ena mwayamba kale kuloza zala anansi, ena mukuthira mafuta ndi zitsamba m'khutu. Chonde lekani. Matenda amenewa amatha kuumitsa m'kati mwa khutu kukhala fupa m'miyezi yochepa, ndiye ngakhale mwayi wa makina utapezeka, adokotala amasowa polowetsa waya wa makinawo. Mwana akasiya kucheuka mukamuitana, pitani naye akamupime makutu ku Queens ku Blantyre kapena kuchipatala cha ABC ku Lilongwe sabata yomweyo.